Mesenjala Amene Adatulutsa Apongozi Ake

Gervasio ndidamuona koyamba m'nyengo ya manachesi, chaka chimene othawa nkhondo ya ku Mozambiki adadzaza midzi yathu ya kwa Kanduku. Adafika kumunda kwanga mame asanakamuke, wamtali, wowonda ngati nsungwi, malaya atang'ambika paphewa, n'kupempha ganyu. Chichewa chake chinali chosakanizika ndi Chinyungwe, koma tidamvana. Ndidamulozera mtengo umene udalemedwa ndi zipatso kuti akwere akathyole za kunsonga. Adafika patsinde, adayang'ana kumwamba, adayang'ana pansi, basi n'kuima chilili.

"Kodi sudziwa kukwera mtengo?" ndidafunsa.

"Ndidziwa, bambo."

"Nanga ukudikira chiyani?"

Pansi pa mtengowo padakhala malemu mayi a kunyumba kwanga, akusankha manachesi m'dengu. Gervasio adawayang'ana cham'mbali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Sindingakhale pamwamba pa mayi."

Munthuyo anali ndi njala, milomo ili mbuu, koma adadikira mpaka mayiwo atasuntha ndi dengu lawo. Madzulo ake iwo adandiuza kuti, "Ameneyu kumene wachokera adaleredwa ndi anthu."

Nkhondo itatha, anzake ambiri adabwerera kwawo. Nayenso adapita, koma sadakhalitse. Adakapeza mudzi wake uli bwinja, udzu utamera mpaka pamene panali bwalo, wopanda ndi mmodzi yemwe womutchula dzina. Adabwerera kuno n'kukhazikika. Tsiku lina adadza kwa ine, adagwada patali, nati wapeza mbeta, dzina lake Fyness, ndipo popeza alibe malume kapena mkulu wake, akupempha kuti ine ndikhale nkhoswe yake.

"Fyness wa ndani?"

"Mwana wa mayi Esime."

Ndidaseka mpaka kutsokomola. Mayi Esime tinkawadziwa tonse. Anali amasiye, ogulitsa tomato ndi nsomba zouma ku boda, ndipo mawu awo ankamveka kutsidya kwa mtsinje ngakhale akamati akunong'ona. Oyendetsa magalimoto akuluakulu, anthu osaopa kanthu aja, ankatsitsa mawu akafika pa benchi yawo. Ndidamuuza Gervasio kuti akuluakulu adati ukakwatira kwa mphezi usaope kung'anima. Iye adangoti, "Obirigadu, bambo," kuthokoza m'Chipwitikizi, ngati ndamudalitsa.

Adalowa chikamwini, adamanga nyumba m'mudzi wa mkazi wake, napatsidwa munda kumunsi kwa phiri. Ana a lero mwina sadziwa mmene mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankakhalira. Sankayang'anana m'maso, sankakhala pa mphasa imodzi, sankapatsirana kanthu pamanja. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira kutchire, apongozi n'kufunda chitenje kumutu, kudutsa mofulumira. Mkamwini akayandikira mosadziwa, apongozi ndiwo ankanyamuka kuchokapo. Mawu ankadzera mwa munthu wachitatu. M'mabanja ambiri mwambowu unali utayamba kale kuzilala, koma awiriwa adaugwira ngati akupikisana. Ndidamvapo mayi Esime akufuula pabwalo kuti, "Fyness, auze amuna ako kuti mbuzi yawo yadya chinangwa changa!" pamene amunawo ali kuseri kwa nkhokwe, akumva zonse. Ndiye Gervasio, poitana mkazi wake ndi dzina la mwana wawo, amvekere, "Mayi a Tadala, auzeni mayi kuti ndapepesa, ndiimangirira." Fyness ali pakati, akungopeta, poti uthenga wafika kale.

Musaganize kuti unali udani. Mayi Esime ankadzitama kumsika kuti mkamwini wawo sadawapondepo ngakhale chithunzithunzi.

Patapita zaka, Gervasio adapeza ntchito ya umesenjala ku khonsolo. Ankapalasa njinga kupita kuboma m'mamawa, yunifolomu ya khaki atayipinda bwino m'thumba kuti isachite fumbi, n'kukavalira komweko. Pa misonkhano ikuluikulu ya makhansala, imene amapangiramo malamulo a m'boma muno, iye ankaima pakhomo la holo, kugawa mapepala, kutunga madzi akumwa, ndi kuchita chimene wapampando walamula. Anali ndi kachitidwe kake. Akaona khansala wayamba kutukumuka, mitsempha itaima pakhosi, ankapita n'kumuthirira madzi m'kapu pang'onopang'ono, mwaulemu wonse, mpaka munthuyo athokoze. Munthu akanena kuti zikomo, ukali uja umachepa. Mikangano yambiri idazimira m'makapu amenewo, eni ake osazindikira.

Kenaka chidadza chisankho, ndipo anthu a dera lathu adasankha mayi Esime kukhala khansala. Adati tatopa kutuma anthu amanyazi. Choncho mkamwini ndi apongozi adapezeka m'holo imodzi. Adakonza zinthu mosauzana. Mayi Esime ankakhala kumapeto, cha kuzenera, Gervasio ankatumikira mbali ya kukhomo, ndipo mapepala ndi madzi a mayiwo ankapereka ndi mesenjala mnzake. Mayi akamalowa, iye ankapezeka kuti wapita kukatunga madzi. Zidayenda bwino kwa nthawi ndithu.

Tsiku limene ndikufuna kunena ndinalipo, chifukwa nthawi imeneyo ndinkaimira makalabu a alimi, ndipo ife tinkakhala pa benchi ya kumbuyo, omvera chabe. Mesenjala wachiwiri uja anali atapita kumaliro.

Nkhani inali ya mjigo. M'mudzi wina wa m'dera la mayi Esime anthu ankamwa madzi a m'khwawa, pomwe pankamwa mbuzi, ndipo ana ankatsegula m'mimba chaka ndi chaka. Midzi yofuna mijigo inali yambiri, ndipo tsikulo wapampando, a Stafford, adalengeza kuti nkhaniyo ibwererenso kukomiti. A Stafford sanali munthu woipa. Anali mphunzitsi wopuma, wokonda kuti zinthu ziziyenda m'mizere.

Mayi Esime adanyamuka osapatsidwa mwayi wolankhula. Adatulutsa chigubu chimene adabisa pansi pa mpando, adayenda mpaka kutebulo la wapampando, adataya pansi madzi oyera amene anali m'kapu yawo, n'kuthiramo a m'khwawa aja. Anali ofiirira, tizinyalala tikuyandama.

"Imwani, a tcheya."

"Oda! Mayi khansala, bwererani pampando wanu."

"Imwani kaye. Ana akwathu amamwa osadikira komiti."

Khansala wina wa mbali ya kwa Nthache adafuula kuti kuno si kumsika wa tomato. Mayi Esime adatembenuka n'kumuuza kuti iye ndi fisi wovala tayi, wongobwerera nkhomaliro. Potembenukapo chigubu chidapendekeka, madzi a matope aja n'kuyenderera patebulo ponse, kunyowetsa mapepala ndi buluku la wapampando. M'holo mudabuka phokoso ngati la njuchi zogwedezedwa.

A Stafford adamenya tebulo mpaka bata lidabwerera. Adapempha mayiwo kuti abweze mawu achipongwewo. Adakana. Adawapemphanso, adakananso. Pamenepo khansala wina adapereka ganizo, wina adavomereza, manja adakwezedwa, ndipo chigamulo chidawerengedwa monga mwa malamulo a khonsolo: mayi Esime aimitsidwa, asapezeke pa misonkhano iwiri yotsatira, pobwerera adzapepese pamaso pa onse, ndipo pakali pano atuluke.

Mayi Esime adabwerera pampando wawo, adakhala, adapinda manja pachifuwa.

"Ndidzatuluka mjigo ukalowa."

A Stafford adapukuta buluku lawo ndi mpango. Kaya adaiwala chifukwa cha mkwiyo, kaya ankakumbukira bwino lomwe, sindidziwa mpaka lero. Adati, "Mesenjala, atulutseni mayiwa. Ngati simutha, kaitaneni apolisi ali pagetiwo adzawanyamule."

Ndidayang'ana Gervasio pakhomo paja. Kuwagwira dzanja apongozi ake kunali kosatheka, kunali ngati kuwavula pagulu. Kukana lamulo la wapampando kunali kutaya ntchito, komanso apolisi akadabwerabe. Kuitana apolisiwo ndiye kuti iye mwini wakatenga anthu odzakoka agogo a ana ake. Ndipo munthu ameneyu analibe kwina. Mkamwini akapirikitsidwa amabwerera kwa amayi ake, koma Gervasio akadabwerera kubwinja.

Adavula kapusi yake n'kuiika pansi. Adavula nsapato. Adayenda pang'onopang'ono pakati pa mipando, maso ali pansi, ndipo atafika pafupi ndi apongozi ake, pafupi kuposa mmene adafikirapo chikwatirire, adagwada cham'mbali, nkhope italoza kukhoma, n'kuyamba kuomba m'manja mofatsa, ngati munthu wopempha njira.

Mayi Esime, amene sadaope wapampando kapena apolisi, adadzidzimuka ngati apsa. Thupi lidachita zimene lidazolowera mutu usanaganize. Adakoka chitenje n'kufunda kumutu, adanyamuka, adasunthira kumpando wina. Gervasio adakwawa ndi mawondo, nagwadanso pafupi, akuombabe m'manja. Mayi adasunthanso. Iye adatsatira. Sadanene liwu, sadakweze maso, sadatambasule dzanja. Adangosiya mpata mbali ya kukhomo, ndipo mpata umenewo ndi umene mayiwo adatsata, chofunda kumutu, mpaka adapezeka ali pakhonde.

Zikadathera pomwepo, bwenzi zili bwino. Koma wina adaseka, mnzake adalandira, holo yonse idagwa ndi phwete. Ena ankamenya matebulo, misozi ili mbwembwembwe. Gervasio adatsalira chogwada pakhomo, maso ali pansi.

Sabata isanathe, uthenga udandipeza kuti ankhoswe tikumane. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndi alongo awo a mayi Esime, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Gervasio adakhala patali, mayiwo kuseri kwa nkhokwe, Fyness pakati monga mwa masiku onse, koma tsikuli analibe chopeta.

"Fyness, auze ankhoswe atenge munthu wawo," adatero mayi Esime.

Ndidayesa kuwadandaulira kuti mwanayu anali pa ntchito, ndipo sadawakhudze ngakhale ndi chala.

"Akanandigwira dzanja, ndikanati ndi ntchito," adayankha. "Apolisi akanandikoka, dziko lonse likanamva kuti mayi wakokedwa chifukwa cha madzi a ana. Ndimafuna zimenezo. Ndinavala zitenje ziwiri tsiku limenelo, kukonzekera kukokedwa. Koma iye anatenga ulemu umene ndakhala ndikumupatsa zaka zonsezi n'kuusandutsa mkwapulo, n'kundikusa nawo ngati mbuzi. Lero kuboma akunena za mjigo? Akunena za nkhalamba yothawa mkamwini."

Mawuwo anali ndi mutu. Tonse tidacheukira kwa Gervasio. Iye adalankhula akukanda pansi ndi kamtengo.

"Mayi a Tadala, auzeni mayi kuti ndinalakwa. Za kuseka sindinaziganize. Za zitenje ziwirizo sindinadziwe." Adataya kamtengo kaja. "Koma auzeninso kuti kwathu kuja ndinaona amuna a mfuti akukoka mayi anga pa mikono. Ndinali m'chinangwa, ndinangoyang'ana. Sindikanatha kukaitana anthu kuti ndidzaonenso zomwezo. Atati zibwerere, ndikhoza kugwadanso."

Kenaka Fyness, amene zaka zonsezi ankangonyamula mawu a ena, adanena ake.

"Amayi, uthenga uwu sindipereka, mwaumva nokha. Koma akapita awa, ine ndipita nawo, ngakhale kukagona kutchire. Mudzatume nkhokweyo kukutungirani madzi."

"Iwe, ndinakubala ndine!"

"Eya, ndiye pakamwapa ndinatengera inu."

Alongo awo a mayiwo adabisa kumwetulira m'chikhatho. Tidakambirana mpaka dzuwa lidapendeka. Pomaliza mayi Esime adati mkamwiniyo akhale, chifukwa cha ana, koma akhale ngati mlendo. Chochokera m'manja mwake kapena m'munda mwake iwo sadzalandiranso, ndipo tsiku limene adzafune kuti achoke, adzachoka.

Gervasio adalandira chigamulocho osawiringula. Lolemba lotsatira adakapempha akuluakulu a ku khonsolo kuti amuchotse m'holo, amuike pageti. Unali udindo wotsika, wa padzuwa ndi pamvula, anzake ankamuseka kuti wadzitsitsa yekha. Iye adati safuna kuti tsiku lina adzalamulidwenso zomwe zija. Adakhala pagetipo mpaka kupuma ntchito, ndipo apongozi ake akamafika, ankatsegula geti n'kukaima kuseri kwa kanyumba ka alonda.

Mayi Esime adakhala kunja misonkhano iwiri ija. Pa wachitatu adabwera, adaima pamaso pa onse, a Stafford nati apepese.

"Ndikupepesa tebulo limene ndinanyowetsa."

"Mayi khansala, mupepese khonsolo."

"Ndikupepesa khonsolo. Ndikupepesanso afisi a kutchire, ndinawanyoza."

A Stafford adachita ngati mawu omalizawo sadawamve, ndipo adati kupepesa kwalandiridwa. Mjigo udadzakumbidwa patapita nyengo zingapo, ndi bungwe lina la mpingo, mayiwo atasiya kale ukhansala. Amene amati chigubu chija ndicho chidaubweretsa alipo, amene amakana aliponso.

Kumudzi, mawu a mayi Esime adakhala momwemo. Gervasio akatumiza dengu la chimanga chatsopano, linkabwerera lodzaza. Akatumiza ntchafu ya mbuzi pa Khirisimasi, inkabwerera. Ndiye adapeza zinthu zimene sizibwezeka. Mayiwo akapita kutchalitchi, ankakwera padenga lawo n'kufolera pamene padontha. Akapita kumaliro a kutali, pobwera ankapeza mizere ya m'munda mwawo itapaliridwa. Iwo ankangoti, "Fyness, mphepo ya chaka chino ndi yaulemu, yandikonzera denga." Zikomo sadatumizepo. Koma sadamuuzenso kuti achoke, ndipo sadanenepo kuti salinso mlendo. Ndidamufunsa tsiku lina ngati sizimuwawa kukhala pamudzi ngati mbalame ya panthambi youma. Adati, "Bambo, amene wakupatsa pogona ndi mkazi ndi munda, ngakhale akwiye, ndi mayi ako basi."

Atapuma ntchito sadadyerere nthawi yaitali. Matenda adamugwira mwadzidzidzi ali kumunda, nafa mbali ya kumanzere, mwendo ndi mkono. Kuchipatala adachita zimene akadatha, nabwerera kunyumba wongokhala pakhonde. Ine, amene ndinali wamkulu kwa iye, ndinkayenda ndi ndodo kukamuona. Tsiku lina, Fyness atapita kumjigo, adandifunsa chimene chinkamudya.

"Ankhoswe, ndikafa mudzandiika kuti?"

Funsolo silinali lachibwana. Kwathu kuno mkamwini akamwalira, abale ake amadzatenga thupi kukaliika kumanda a kwawo, pokhapokha eni mudzi atanena okha kuti munthuyu ndi wathu. Gervasio analibe odzamutenga, ndipo mwini mawu m'mudzimo anali atanena pamaso pa ankhoswe kuti iye ndi mlendo. Ndidamuuza kuti ndikalankhula ndi abale anga, mwina angamupatse malo kwathu. Adathokoza, koma ndidaona kuti si kumene mtima wake unali. Ankafuna kugona kumene ana ake adzagone.

Sindidauze munthu za nkhaniyi. Kaya Fyness adaimva m'tulo mwa mwamuna wake, kaya mayiwo adaiganiza okha, sindidafunse.

Chaka chotsatira, m'nyengo yokolola, tinali pakhonde lomwelo masana, tikuswa mtedza. Iye ankaswa ndi dzanja limodzi, kukanikiza pa bondo. Tidaona mayi Esime akutuluka m'nyumba mwawo, atawerama ndi ukalamba, ndodo ili m'manja. Masiku onse ankazungulira kuseri kwa khola kuti asadutse pamaso pa mkamwini. Tsikuli adalunjika pakati pa bwalo, mutu uli poyera, osafunda.

Gervasio adataya mtedza. Adayamba kudzikoka ndi dzanja lamoyo lija kuti alowe m'nyumba, mwendo wakufa ukukanirira pa mphasa, thukuta lili kamukamu.

"Bambo a Tadala."

Adaleka kudzikoka. Chikwatirire, mayiwo anali asanamuitanepo iye mwini.

"Musavutike. Khalani pomwepo."

Adafika, adatsamira ndodo, adatsika pang'onopang'ono mawondo akulira, n'kukhala kumapeto kwa mphasa yomweyo. Ine ndidafuna kunyamuka, koma adati, "Ankhoswe khalani, mumve, musadzati sindinanene." Adayang'ana kuphiri.

"Ndachokera kwa alongo anga, ndipo eni manda tawauza. Pali malo pafupi ndi pamene anagona bambo a Fyness, pansi pa mtengo wa msuku. Ndi okwana awiri. Amene atsogole, mnzake akamupeza pomwepo."

Gervasio adafuna kuomba m'manja, koma dzanja linali limodzi. Adangomenya pachifuwa pake mofatsa, misozi ikutsikira m'ndevu, maso ali pansi monga kale.

"Koma kumeneko musakandikusenso," adatero mayi Esime. "Kulibe khomo lotulukira."

Adaseka Gervasio, kuseka kosakanizika ndi kulira, mpaka kutsamwa. Mayiwo adadikira kuti athe. Kenaka adatambasula dzanja, adatapa mtedza m'lichero limene linali pambali pa Gervasio, mtedza wa m'munda mwake, adaswa umodzi n'kuponya m'kamwa. Adatafuna ndi mano awo otsalawo kwa kanthawi.

"Sunaume bwino uwu," adatero. "Mwafulumira kuuchotsa padzuwa." Ndipo adatapanso wina.